Mwafika ku Salima kapena mwangofika pa hotela?

Lachisanu lililonse masana, msewu wa M14 wochoka ku Lilongwe umadzaza ndi makosita olowera kunyanja. Mumakhala ogwira ntchito m'makampani opita kokapumulira limodzi, a m'boma ndi m'mabungwe opita ku wekishopu, makwaya, achinyamata a kumpingo, ana asukulu, ndiponso magulu a anzathu omwe akhala akusonkherana ndalama pa WhatsApp kwa miyezi itatu. Lamulungu madzulo makosita omwewo amakwera zitunda kubwerera mtauni, anthu ali mtulo, mafoni atadzaza zithunzi. Mukafunsa mmodzi wa iwo kuti waonako chiyani ku Salima, akuonetsani dziwe losambiramo, mbale yodzaza nyama, ndi dzuwa likutuluka pamwamba pa madzi. Mukamufunsa kuti wadya kuti, atchula dzina la hotela. Mukafunsa kuti wacheza ndi munthu wa ku Salima ndani, aganiza kaye, kenako akumbukira weta.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikulankhula makamaka ndi inu amene mumakonza maulendowa, inu a admin a gulupu ndi asungichuma: gulu lililonse lopita ku Senga Bay liziika pa pulogalamu yake chakudya chimodzi ndi theka la tsiku kunja kwa mpanda wa hotela. Zilembedwe ndithu mu bajeti, pafupi ndi mafuta ndi malo ogona. Zikangosiyidwa kuti "tikaona komweko", mukudziwa nokha kuti sizichitika.

Tiyeni titsate ndalama ya ulendo umodzi. Kosita mwaibwereka ku Lilongwe. Mafuta mwathira ku Lilongwe. Nkhuku, soseji, zakumwa, makala, mbale zapulasitiki, ngakhale tomato ndi anyezi, zonse mwagula musanatuluke mtauni ndipo zakwera m'ma cooler box. DJ naye ndi wa ku Area 25. Mwayenda makilomita pafupifupi 100, mwadutsa pa Kamuzu Road osaima chifukwa "tachedwa kale", mwapitirira makilomita ena pafupifupi 20 kulowera ku Senga Bay. M'mbali mwa msewu umenewu muli anthu osema ziboliboli, oluka madengu, mikeka ndi mipando, amayi a mango ndi malambe, anyamata a kabaza omwe Salima imadziwika nawo. Onsewa amangoona kumbuyo kwa kosita. Geti ya hotela ikatsekeka, basi, ulendo wathera pomwepo. Zomwe mudzi umatsala nazo Lolemba m'mawa ndi mabotolo pamchenga.

Sindikudana ndi mahotela ayi. Sunbird Livingstonia, yomwe akuluakulu amaikumbukira ndi dzina loti Grand Beach, Sunbird Waterfront, Kabumba, Kambiri ndi malo ena ang'onoang'ono ambiri alemba ntchito anthu a m'derali, amalipira misonkho, ndipo pa bilu yanu pamakhala ka 1 peresenti kopita ku thumba lotukula zokopa alendo. Popanda iwo makositawo sakanabwera n'komwe. Koma hotela imalemba anthu owerengeka, pomwe kunja kwa mpanda kuli midzi yathunthu. Boma lakhala likutiuza kuti zokopa alendo ndi imodzi mwa nsanamira za chuma chathu pamodzi ndi ulimi ndi migodi. Chabwino. Koma mayi wogulitsa nsima pa msika wa Senga Bay nsanamira imeneyi amaiona ikudutsa pa liwiro la makilomita 60 pa ola.

Chodabwitsa n'choti anthu a wekishopu omwe timawaseka aja, olandira alawansi m'manja n'kukagona ku resitihausi yotchipa kuti atsaleko ndi kangachepe, ndi amene amasiyako ndalama m'mudzi. Amadya pa lesitilanti ya pamsika, amakwera kabaza, amagula usipa wopita nawo kunyumba. Mabungwe akalipira zonse ku hotela, kugona ndi kudya komwe, munthu amatha masiku atatu osaponda kunja kwa geti. Sindikuti tibwerere ku nkhondo ya maalawansi, imeneyo ndi nkhani ina. Ndikungoti wokonza msonkhano angathe kuuza hotela kuti nkhomaliro ya tsiku lachiwiri tikadyera kunja, ndipo dziko silingagwe.

Ndiye kunjako kuli chiyani? Funso limeneli ndimalimva kawirikawiri, ndipo ofunsawo amakhala anthu oti ku Salima apitako kasanu.

Yambani ndi chinthu chosalipiritsa n'komwe. Usiku mukakhala pamchenga mumaona nyali zitandandalika patali pamadzi ngati tauni ina. Amenewo ndi asodzi a usipa. Nyali imakopa nsomba, siginala ali m'bwato lake laling'ono amazikokera pamalo amodzi, anzake n'kuzungulira ndi chilimira. M'bandakucha maboti amabwerera padoko, ndipo pamenepo ndi pomwe pali Senga Bay yeniyeni: amayi ndi mabeseni kukanganirana mtengo, anyamata kunyamula nsomba kupita pamatandala, ena kusoka maukonde, ena kuphika tiyi ndi kukazinga mandasi oti asodzi agule. Anthu ambiri a mtauni adya bonya moyo wawo wonse koma sanaonepo momwe amafikira pa mbale. Kuchokera m'mahotela angapo ndi ulendo wapansi chabe. Chofunika ndi kudzuka m'mamawa ndi kupeza munthu wa pomwepo woti akutsogolereni, yemwe mudzamulipire. Ndipo chonde, musanaloze foni pankhope ya munthu, pemphani. Mayi amene akusankha usipayo ali pantchito, ngati mmene inu mumakhalira mu ofesi.

Ku Kambiri Point kuli malo omwe anayambitsa malemu Stuart Grant, osungirako tinsomba tokongola ta mbuna tisanatumizidwe kunja. Anthu ku Ulaya ndi ku America amalipira ndalama zambiri kuti akhale nato m'magalasi m'nyumba zawo, amatidziwa mayina, amatilembera mabuku. Ife eni nyanja ambiri sitinationepo. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse yamadzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo n'chifukwa chake Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Ambiri amaganiza kuti paki imeneyi ndi ya ku Cape Maclear kokha, koma zilumba za Maleri, zomwe maboti ake amanyamukira kuno ku Senga Bay, ndi mbali ya paki yomweyo. Kachilumba kamene mumakajambula kumbuyo kwanu pa selfie kaja kali ndi dzina, ndi Namalenje, ndipo anyamata a maboti amakafikitsako anthu kukaona ang'azi ndi mbalame. Mukachita mwayi muonanso nkhwazi ikutsika kudzatola nsomba pamadzi, mbalame yomweyo ili pa chizindikiro cha dziko lathu.

Kumtunda kuli Kuti Wildlife Reserve, kufupi ndi pa boma. Kuli mbidzi, mphalapala, agwape ndi mbalame zambiri, ndipo poti kulibe mikango kapena njovu, munthu amatha kuyenda pansi kapena kupalasa njinga. Kwa ana asukulu omwe mbidzi amangoiona m'buku, apa ndi pabwino kuposa kuwasiya tsiku lonse m'madzi. Ofuna njovu ndi kukwera mapiri afunse za nkhalango ya Thuma, yomwe imasamalidwa ndi a Wildlife Action Group, koma kumeneko n'kofunika kukonzekera. Gulu lomwe lili ndi tsiku lathunthu lingathe kutsika ndi msewu wa M5 mpaka ku Mua m'boma la Dedza, mishoni ya 1902, komwe Bambo Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976. M'nyumba yosungira za makedzana ya Chamare muli zigoba za gule wamkulu mazanamazana pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayawo. Azungu amachita kukwera ndege kudzaona zimenezi.

Koma malo omwe amandipweteka mtima kwambiri ndi Mbenje. Chilumba chimenechi chili m'dera la Senior Chief Makanjira, kumpoto kwa Senga Bay, moyang'anana ndi doko la Chikombe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, mafumu a kumeneko akhala akutseka chilumbachi nyengo ya dzinja kuti nsomba ziswane, n'kudzachitsegula ndi mwambo mvula ikatha. Pachilumbapo pali malamulo okhwima: mowa ayi, chamba ayi, juga ayi, ndipo wophwanya amathamangitsidwa. Akazi saloledwa kufikapo, lamulo lomwe ena amalitsutsa, ndipo mtsutso umenewo ndi woyenera kuumva. Chomwe palibe amatsutsa n'choti pomwe madoko ambiri akudandaula kuti nsomba zatha, asodzi amakhamukirabe ku Mbenje nyengo ikatsegulidwa, ndipo akatswiri a m'mayunivesite akunja amabwera kudzaphunzira momwe anthuwa amachitira. Tsono taganizani: chaka chilichonse m'zipinda zozizira za mahotela a ku Senga Bay mumachitika misonkhano ya zachilengedwe, ya kusintha kwa nyengo, ya utsogoleri wa m'madera. Anthu amaonetsana zithunzi pa pulojekita, amadya samusa, amasaina pepala. Aphunzitsi enieni a phunziro limenelo ali m'boma lomwelo. Mbenje si malo okachitirako pikiniki, ndipo sindikuti mukwere boti mukatulukire kumeneko. Koma kupempha kudzera kwa mfumu kuti gulu lanu likacheze ndi komiti ya asodzi ku Chikombe, n'kupereka kenakake koyamika, kungakuphunzitseni zoposa tsiku lonse la PowerPoint.

Tibwere ku chakudya, poti apa ndi pomwe mkangano umakula mu gulupu.

Buffet ya pa hotela ndi yabwino, koma ndi yomweyo mumadya paukwati ku Lilongwe: mpunga, tchipisi, nkhuku, nyama ya ng'ombe, kabichi wa mayonezi. Mwayenda ulendo wonsewu kudzadya zomwe mwazisiya kwanu? Kunja kwa geti kuli kampango wamsuzi yemwe anali m'madzi m'mawa womwewo, mcheni wootcha pamakala, utaka, usipa wauwisi wophikidwa ndi tomato basi, womwe kukoma kwake n'kosiyana kutalitali ndi wouma uja timagula m'misika ya mtauni. Kuli nkhwani wotendera, therere, mpunga wolimidwa m'madambo a boma lomweli monga ku Lifuwu, thobwa, ndipo nyengo yake ikafika mango amachita kutayika. Tiyerekeze gulu la anthu 30, aliyense waika K10,000 ya nkhomaliro imodzi. Imeneyo ndi K300,000 yolowa m'manja mwa wophika, yemwe akagula nsomba padoko, ufa kuchigayo, masamba kwa mlimi, nkhuni kwa wina, n'kulembanso atsikana awiri omuthandiza tsikulo. Pa bilu ya hotela K300,000 sioneka n'komwe. Pamsika ndi fizi ya mwana.

Pa chambo pokha ndiyikepo chenjezo. Aliyense wofika kunyanja amafuna chambo, ndipo chambo chachepa kwambiri m'nyanjamu. Kuyambira November boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti chambo chiswane. Gulu la anthu 30 likaumirira chambo nyengo imeneyo, wina apita kukachipeza ndithu, ndipo achipeza mophwanya lamulo. Chimodzimodzi kasawala, tiana ta chambo tomwe amagulitsa motchipa: mukagula, mwadya chambo cha chaka chamawa. Funsani kuti lero kwatuluka nsomba yanji, mudye imeneyo.

Ndikudziwa zomwe asungichuma ena akunena pamene akuwerenga izi. "Aise, ukufuna ndikadwalitse anthu 30?" Nkhawa imeneyi ndi yoona ndipo sindiyipeputsa. Kolera ya 2022 mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja, Salima yomwe, anavutika nayo. Munthu amene watenga ana a eni kapena antchito a kampani ali ndi udindo. Palinso nkhani ya nthawi: mukatulukira anthu 30 mwadzidzidzi pa lesitilanti ya mabenchi anayi, mudikira maola awiri, nsima idzapsa ndiwo zitatha. Ndipo palinso khalidwe lina lomwe abale anga a kunyanja ayenera kulimva ngakhale likuwawa: mtengo wosintha malinga ndi nsapato zomwe wavala wogula. Ine ndinauzidwapo mitengo itatu yosiyana ya boti limodzi, ulendo umodzi, m'mawa umodzi. Mlendo akazindikira kuti wamubera, sabweranso, ndipo amakauza gulupu yonse. Enanso amakakamira mlendo pamchenga mpaka munthu kuthawira mkati mwa mpanda. Mpanda uja mbali ina timaumanga tokha.

Koma zonsezi zili ndi mankhwala ake, ndipo ambiri mwa mankhwalawo ali m'foni yomwe mwagwirayo. Odani chakudya kudakali tsiku limodzi kapena awiri. Gwirizanani mtengo wa mbale imodzi, mulemberane pa WhatsApp, tumizani theka pa Airtel Money kapena Mpamba kuti mayiyo akagule zofunika. Mmodzi wa inu akafika apite akaone khitchini, aone ngati pali madzi osamba m'manja ndi sopo, aone chimbudzi. Chakudya chibwere chamoto, madzi akumwa akhale a m'botolo. Ngati malowo ndi ochepa, wophika angathe kubweretsa mapoto pansi pa mtengo. Timachita zimenezi pamaliro ndi pazinkhoswe sabata iliyonse, kudyetsa anthu mazana, ndiye zivute pa anthu 30?

Mahotela nawo ali ndi gawo lawo. Pa resepishoni payenera kukhala pepala, kapena ka QR code, kosonyeza malo odyera apafupi omwe a zaumoyo a khonsolo anawayendera, mayina a eni maboti omwe ali ndi majekete oyandamitsa, ndi mitengo yodziwika. Manijala wina anganene kuti kumeneko n'kuthamangitsa kasitomala. Ine ndikuona mosiyana. Gulu lomwe lauzidwa kuti kuno kuli zochita za masiku awiri limagona usiku wachiwiri, ndipo ndalama yaikulu ya hotela ili pa bedi. Gulu lomwe langosambira ndi kudya limatopa Loweruka madzulo, chaka chamawa n'kupita ku Mangochi.

Palinso chifukwa china chomwe eni mahotela ayenera kuchiganizira. Gombe lomwe lili kutsogolo kwawo ndi lomwenso anthu amachapirapo, kutungapo madzi ndi kukocheza mabwato kuyambira kale. Mipanda ikamatsikira kumadzi, malo a anthu wamba amachepa, ndipo madzi a m'nyanja atakwera kwambiri mu 2024 mchenga wambiri unamira, malowo n'kucheperatu. Mnyamata amene sapezapo kalikonse pa alendo amaona mlendo ngati munthu amene wamulanda gombe. Amene amayi ake amaphikira alendowo amakhala woyamba kutola botolo pamchenga ndi kuthamangitsa wakuba.

Tinaonapo kale kuti zimatheka. Lake of Stars itachitikira ku Kabumba mu 2018, ndiponso maulendo angapo omwe Sand Music Festival ya malemu Lucius Banda yachitikira ku Senga Bay, mahotela anadzaza, anthu anachita lendi zipinda m'midzi, a chiwaya ndi a kanyenya anagulitsa mpaka mbandakucha, a kabaza sanagone. Vuto n'loti chikondwerero ndi masiku atatu pa chaka. Makosita a magulu amabwera sabata iliyonse.

Kwa achinyamata a ku Salima amene mukuwerenga: mlendo wa lero amayamba wafufuza pafoni asananyamuke. Lembani "malo odyera Senga Bay" pa Google Maps muone kuti malo a anthu wamba akutuluka angati. Kuika lesitilanti ya azakhali anu pamapu n'kwaulere. Kujambula mbale ya kampango, kulemba mtengo ndi nambala, kuika pa Facebook kapena TikTok, kumangodya bandulo yochepa kuposa yomwe timathera pa mikangano ya mpira. Amene angasonkhanitse wophika mmodzi waukhondo, mwini boti mmodzi wokhulupirika, osema ziboliboli awiri ndi anyamata a kabaza asanu, n'kupereka mtengo umodzi kwa admin wa ku Lilongwe, wadzilemba yekha ntchito. Chomwe admin amafuna ndi munthu mmodzi woyankha foni ndi kusunga nthawi.

Ndipo inu alendo, mukatuluka pa geti kumbukirani kuti mwalowa m'mudzi mwa eni. Ku Senga Bay kuli Asilamu ambiri. Zovala zosambira zitsale kugombe la hotela, chitenje sichilemera. Botolo la mowa m'manja pakati pa msika, kapena sipika yophulika pafupi ndi mzikiti Lachisanu masana, n'zomwe zimachititsa kuti gulu lotsatira lilandiridwe ndi nkhope zokwinya. Moni amatsegula zambiri kuno. Kunenerera mtengo n'kololedwa, koma munthu amene wangolipira kumene chakumwa pa bala ya hotela osafunsa mtengo asalimbane ndi gogo wa dengu chifukwa cha K500.

Za boti ndinenenso poyera, chifukwa apa pamatayika miyoyo. Jekete loyandamitsa likhale la munthu aliyense, osati atatu pa boti lonse, ndipo woyendetsa akanena kuti anthu akwana, akwana. Amene waledzera atsale kumtunda. Ngati ulendo wanu uli pakati pa June ndi August, dziwani kuti ndi nyengo ya mwera, nyanja imatha kulusa tsiku lonse ndipo mwini boti wanzeru adzakana kunyamuka. Musamukakamize. Pa pulogalamu yanu lembanipo kale kuti kukachita mwera, kosita ikhotera ku Kuti, ndipo wophika uja mumuuze kuti nkhomaliro ichedwa ndi ola limodzi.